Makoswe opanda michira

Abale dzulo mwana wanga wa fomu 3 wandifunsa kuti adadi kodi "side effect" ndi "backfire" nchimodzimodzi? Ine mmm dikira kaye ndimalize tiyi kkk. Koma zimasiyana ndithu. Side effect ndi zija wamwa LA, malungo akutha bwinobwino koma kachizungulire kakugwira, ntchito yatheka kungoti yabwera ndi mlendo osamuitana. Backfire nde ija umati ukonze koma waonongeratu, chinthu chakutembenukira iwe mwini.

Nde ndinamuuza za ku Hanoi, Vietnam, mu 1902. Afalansa omwe ankalamulira kumeneko anatopa ndi makoswe, nkulengeza kuti aliyense obweretsa mchira wa khoswe alandira kangachepe. Anthu si opusa aise, amangodula mchira khosweyo nkumutaya apite akaswane, ena mpaka kuyamba kuweta makoswe ngati nkhuku, akuluakulu aja kudabwa mtauni mukungoyenda makoswe opanda michira. Zoterezi pachizungu amati "perverse incentive", ena amati "cobra effect", dzina lomwe anatchukitsa katswiri wa zachuma Horst Siebert wa ku Germany mu 2001.

Mwana uja akuti nanga maneti a udzudzu aja anthu akukokera tinsomba kunyanja, ena kutchingira dimba kuti nkhuku zisadye mpiru, imeneyo nde iti? Ine ndati side effect. Mayi ake akuti ayi ndi backfire, poti udzudzu ukulumabe ndipo tiana ta nsomba tikutha. Mpaka pano sitinamvane, inu mukuti bwanji?