Lipoti la ulendo wa ku Mambwe: mpikisano wopulumutsa ovulala kutchire

Gulu lathu la chithandizo choyamba la ku Chipata linakacheza kwa anzathu a m'boma la Mambwe, njira ya ku Mfuwe, mu Okutobala, pomwe kutentha m'chigwa cha Luangwa kumapitirira madigiri 40. Anatikonzera mpikisano: anthu anayianayi, liwiro m'tchire, ndipo poima paliponse pali wodzipanga wovulala ndi woweruza wogwira pepala.

Pa wolumidwa ndi mphiri ambiri anakhoza: kumugoneka, kumuvula nsapato mwendo usanatupe, osatema mphini, osayamwa, osamanga lamba. Ululu wa mphiri umaononga mnofu pomwe yalumapo, choncho kumanga kumangofulumizitsa kuwola.

Mamalikisi anathera pa wothyoka msongolo. Pamafunika timitengo tiwiri toyambira pamwamba pa bondo kupitirira kakolo, chitenje choyala mkati kuti khungu lisasupuke, ndi mfundo ziwiri kumtunda, ziwiri kumunsi, osamanga pothyokapo. Izi onse anachita. Chimene ambiri analumpha n'kufinya chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi la mwendo wothyokawo: chiyere, kenako kufiira kubwerere m'masekondi 2. Sizichitika kamodzi ayi. Mwendo umatupa panjira, mfundo yomwe inali bwino n'kusanduka yothina, ndiye muziona mphindi 15 zilizonse. Gulu lomwe linafika poyamba linatsitsidwa chifukwa cha chomwechi, ndipo woweruza sanalakwe.

Machira anali a nsungwi ziwiri zolowetsa m'matumba atatu a feteleza a makilogalamu 50, obooledwa m'makona. Nsungwi yofumbwa imathyoka osachenjeza, thumba lokhalitsa padzuwa limang'ambika pamsoko. Yambani mwagonekapo munthu wabwinobwino. Pokwera mtunda mutu ndiwo umatsogola, koma kwa wothyoka mwendo mapazi atsogole, kuti thupi lisatsamire pa fupalo. Anthu anayi n'ochepanso paulendo wautali. Pamafunika ena olandirana nawo.

Pomaliza panali wokomoka ndi dzuwa. Amene akuyankha bwino amwe pang'onopang'ono madzi oyera lita 1 osakaniza ndi timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, tosasefukira. Koma amene akubwebweta musamumwetse, angatsamwe. M'kokereni pamthunzi, m'masuleni zovala, m'thireni madzi thupi lonse mukumukupiza, wina ali kale pafoni kuitanitsa galimoto.