Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Luzi la mu ubongo wa agogo

Gawo latha lija ndinalekezera poti ndayamba ntchito ya ukeya, yosamalira okalamba, ku Leeds ku England, shifti ya usiku, kuzizira ndisanakuzolowere. Lero ndibwerere kaye kwathu ku Ntcheu chifukwa nkhaniyi singamveke ndisanakuuzeni za agogo anga obala amayi.

Ndili fomu 1 agogo anayamba kusintha. Poyamba tinkangoseka, kuthira mchere kawiri mu ndiwo, kufunsa ngati mbuzi tatsekera, ukawayankha pasanathe mphindi zisanu afunsanso. Kenako anayamba kundiitana dzina la amayi anga, ndiye dzuwa likamapendeka ankamanga kamtolo ka zitenje ati akupita kwawo amawo akuwadikira, amawo woti anamwalira ine ndisanabadwe. Tsiku lina m'bandakucha anapezeka mudzi wa kutsidya kuseri kwa nyumba ya eni ake, opanda chovala, akunjenjemera ndi mame. Zomwe anthu ananena mukuzidziwa kale. Ati agwa mu lichero.

Ine ndinakhulupirira abale, sindibisa. Nthochi iliyonse agwira ndinkakataya kudzala. Akandiitana kuti "iwe tabwera undipese" ndinkachita ngati sindikumva. Amalume anawamangira kakhumbi kumapeto kwa mpanda, nsima tinkangosiya pakhomo ngati ya galu, mpaka anamwalira ndili fomu 3.

Ndiye taganizani ndafika ku Leeds ndikupeza mayi wachizungu wa zaka zoposa 80, mphunzitsi wopuma, 4 koloko madzulo ikakwana chikwama pamkono waima pachitseko ati akupita kwa amake. Usiku kuvula zovala nkumayendayenda mukhonde. Chimodzimodzi agogo, kusiyana khungu basi. Apa palibe wonena za lichero, pafayelo yawo panangolembedwa dzina la matenda a mu ubongo, Alzheimer's.

Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito mu labu yofufuza za ubongo, ndiye usiku wina amake atadwala chifuwa anachezera nafe. Cha m'ma 2 koloko ndinamupangira tiyi ndikungomufunsa kuti kodi mmutumu mumakhala mukuchitika chani. Anatenga pepala nkuyamba kujambula. Ndikuuzani momwe ine ndinamvera, zina ndinakawerenganso ndekha pa foni mpaka batire kutha.

Mu ubongo muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, ndipo selo yake siyozungulira ngati zija tinkajambula ku bayoloje ayi, ili ndi nthambi zambirimbiri komanso mchira umodzi wautali wotchedwa axon. Pali ma axon ena ochoka mmunsi mwa msana kukafika kuchala cha kuphazi, mita yathunthu, selo imodzi yomweyo. Nanga chinthu chowonda chotalika choncho chimalimba bwanji osaduka? Mkati mwake mwandanda timachubu totchedwa ma microtubule, ndipo timachubuto ndi msewunso, pali mapuloteni ena monga kinesin omwe amayenda pamwamba pake atasenza katundu kupititsa kunsonga komwe selo imakumana ndi inzake. Ndiye pali kapuloteni kena dzina lake tau, kamamatirira pa timachubuto kuti tisabalalike.

Atafika pamenepo mutu wanga unathawira kwathu. Agogo omwe aja ndi amene anandiphunzitsa kusenda luzi la mombo nkuliviika mmadzi, pomanga mpanda iwo ankati mbaliro ngakhale zikhale zowongoka bwanji luzi likamasuka mpanda wagwa. Tau ndi luzi basi. Ndinayesa kumufotokozera mtsikana uja za luzi mu chizungu changa chothyokathyoka anangogwedeza mutu, sindikudziwa ngati anamva.

Chomwe chinandizunguza mutu ndi choti luzilo silimasuka lokha, limachita kuuzidwa. Mkati mwa selo mapuloteni amatumizirana mauthenga, ndipo njira ina yomwe amagwiritsa ntchito ndi yomata kachinthu kotchedwa phosphate pa puloteni inzawo. Omatawo ndi ma kinase, ena mwa iwo ndi GSK-3 beta ndi CDK5, pomwe omatula ndi ma phosphatase. Tau akamumata phosphate pang'ono amatayirira, ndipo zimenezo nzabwinobwino, zikuchitika mmutu mwanu pompano mukuwerengamu, selo imafuna kumasula apa nkumanganso apo. Koma kwa wodwala Alzheimer's kumata kumapyola muyezo, tau amasiyiratu timachubu tija nkuyamba kupiringizana yekhayekha mkati mwa selo ngati mulu wa luzi losongonekera. Msewu waduka katundu sakufika kunsonga, maselo asiya kulankhulana, mapeto ake selo yafa. Kunja kwa maselo nako kumaunjikana zibuma za puloteni ina, amyloid beta.

Ndinamufunsa chifukwa chake agogo ankaiwala kuti adya kumene koma nyimbo za ku chinamwali chawo ankaimba osaphonya ngakhale liwu limodzi. Ati kupiringizana kuja kumayambira mbali ya ubongo yomwe imasunga zatsopano, cha ku hippocampus, kwinako kumafika mochedwa. Zakale zimatsalira. Ndiye munthu akamati akupita kwa amake sakunama, mmutu mwake zomwe zatsala ndi za nthawi yomwe amake anali moyo.

Komanso si zachilendo. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaona mayi wina Auguste Deter ku Frankfurt mu 1901 ali ndi zaka 51 zokha, atamwalira mu 1906 anayang'ana ubongo wake pa maikulosikopu nkupeza zopiringizanazo. Tau anadzatulukiridwa mu 1975, ndipo cha m'ma 1986 mpomwe anazindikira kuti zopiringizana zija ndi tau yemweyo. Ndikawerengetsa, pomwe ife timataya nthochi kudzala zinthuzi zinali zitalembedwa kale m'mabuku ine ndisanabadwe nkomwe. Izi zimandipweteka kuposa zonse. Mankhwala ochiritsiratu kulibe mpaka pano, kapilisi ka donepezil komwe timapereka pogona kamangothandiza maselo otsala kuti azimvanako bwino, luzi lija sikalimanganso ayi.

Lamlungu lake ndinaimbira amalume pa WhatsApp. Ndinati amalume, agogo aja anali odwala, ndawapeza kuno anzawo ambirimbiri, wodi yonse. Anakhala chete kanthawi kenako amvekere "Mphwanga, za azunguzo ife sitikana, koma nkhalamba yoyendera ndodo inawoloka bwanji mtsinje usiku?" Ndinafuna kuwauza kuti mayi wachizungu uja wa kuno tsiku lina anamupeza pa siteji ya basi atavala silipasi chisanu chili mbuu, koma bandulo yawo inatha foni nkuduka. Sindinaimbenso tsiku limenelo.

Lolemba ndinalowa msanga kusinthana ndi mnzanga, kupeza mayi uja ali pachitseko chikwama pamkono. Akuluakulu a pantchito anatiphunzitsa kuti tisamatsutsane nawo, ndiye ndinakoka mipando iwiri nkuwauza kuti basi yachedwa tiyeni tidikirire pano. Tinakhala mpaka kunja kunada. Anatulutsa chipeso mchikwama muja nkundipatsa, tsitsi lawo ndi lofewa ngati thonje losapota, ndinawapesa mpaka anayamba kuwodzera.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani za ulendo wanga woyamba wobwerera kumudzi, ndi zomwe ndinakapeza mu kakhumbi kaja.