Ulendo wathu wa ku Haebaru, kwawo kwa Tetsuo Kinjo

Gulu lathu la olemba masewero a pa wailesi ndi pa kanema, lomwe lili pa maphunziro ku chilumba cha Okinawa ku Japan, linapatula Loweruka lina kuti likaone kumene anakulira Tetsuo Kinjo, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa nkhani za Ultraman, ngwazi ya m'masewero a pa kanema yolimbana ndi zilombo. Kuchokera ku Naha, likulu la Okinawa, kupita ku Haebaru ndi pafupi, moti basi inatitula macheza asanafike pokoma.

Wotitsogolera anati tiyambe taona ngalande zomwe asilikali anakumba m'phiri n'kuzisandutsa chipatala pa nkhondo ya 1945. Anatipatsa zipewa zolimba ndi matochi, n'kulowa mondondozana. Mkati ndi mopanikiza, ndipo makoma ake akadali akuda ndi moto. Titatuluka m'pamene anatiuza kuti Kinjo, yemwe anabadwa mu 1938, anali ndi zaka 6 nkhondoyo itafika m'dera limeneli, ndipo mayi ake anaduka mwendo ataomberedwa.

Kenaka tinapita ku Shofuen, malo odyera a banja lake. Pambali pali kanyumba kosanja, ndipo m'mwamba mwake ndi momwe ankalembera. Desiki yake ilipo, mabuku ali m'mashelefu, zidole za zilombo za m'masewero ake zili ndanda. Ine ndinakhalitsa pa mapepala ake: ali ndi timabokosi, chilembo chimodzi m'kabokosi kamodzi, mizere yotsika kuchokera pamwamba.

Kinjo anapita ku Tokyo ali mnyamata kukaphunzira pa sukulu ya Tamagawa. Nthawiyo Okinawa inali m'manja mwa Amerika, ndiye munthu wa kuno ankafunika chiphaso kuti akafike ku Tokyo, ngati mlendo. Mu 1963 analowa kampani yopanga mafilimu ya Eiji Tsuburaya, ndipo mu 1966 Ultra Q ndi Ultraman zinayamba kuonetsedwa, iye ali mkulu wa olemba. Ultraseven inatsatira mu 1967.

Madzulo tinaonera gawo limodzi la Ultraseven lomwe iye analemba mu 1968, ndipo mkangano unabuka pamenepo. M'nkhaniyo muli mtundu wotchedwa Nonmalt, umene umati ndiwo eni dziko lapansi, koma anthu anaulanda malo n'kuuthamangitsira pansi pa nyanja. Anthu atayamba kufuna nyanjayonso, a Nonmalt akudziteteza, ndipo asilikali akuphwasula mudzi wawo wonse. Ngwazi ya nkhaniyo ikutsala ndi funso m'mtima, wolakwa osadziwika. Tangoganizani, zimenezi ankaonera ana! Mayi wina wa m'gulu lathu anati Kinjo ankalira za kwawo, poti ufumu wa Ryukyu, womwe lero ndi Okinawa, unamezedwa ndi Japan mu 1879. Bambo wina anakana, nati tisamuike mawu m'kamwa munthu woti anapita. Ine ndili mbali ya mayiwo, chifukwa ndinali nditangotuluka m'ngalande zija. Chomwe tonse tinavomereza n'choti sanawapeputse ana.

Mu 1969 anasiya ntchito ku Tokyo n'kubwerera kumudzi. Analemba zisudzo za m'chilankhulo cha ku Okinawa, ankalankhula pa wailesi, komanso anakonza nawo miyambo ya chionetsero chachikulu cha za m'nyanja cha 1975, patapita zaka zitatu chilumbachi chibwerere ku Japan. Mu February 1976 anagwa pa masitepe a kanyumba komweko n'kumwalira ali ndi zaka 37. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa pa msinkhu umenewo wolemba amakhala akungoyamba kukhwima.

Mnzake Shozo Uehara wa ku Naha, yemwe Kinjo anamukokera kwa Tsuburaya, anatsala ku Tokyo. Iyeyu ndiye anafika mpaka ku makatuni monga Getter Robo ndi Grendizer, ndipo analemba Gorenger mu 1975, chiyambi cha mndandanda umene Power Rangers inachokerako. Anamwalira mu 2020. M'basi pobwerera anthu anagawanikanso: ena ankati Uehara anachita bwino kukhalabe komwe kunali ntchito, ena ankati Kinjo sakanachitira mwina koma kupita kwawo.

Tisanabalalike, wapampando anapereka ntchito. Aliyense alembe sewero la ana la mphindi khumi, lokhudza nkhani yovuta ya kwawo, ndipo tidzawerengerana Lachisanu likubwerali. Langa likhala la mkangano wa munda pakati pa ana amasiye ndi abale a bambo awo.