Zimene ndinaona ku Two Oceans Aquarium mumzinda wa Cape Town

Mlendo akafika ku Cape Town amauzidwa msanga za phiri la Table Mountain ndi chilumba cha Robben Island, koma ine ndikufuna kukambako za nyumba ya pa doko la V&A Waterfront imene amasungiramo zamoyo za m'nyanja, yotchedwa Two Oceans Aquarium. Inatsegulidwa mu Novembala 1995, ndipo siivuta kuipeza chifukwa mabasi ofiira onyamula alendo amayambira ulendo wawo pafupi ndi khomo lake.

Pafupifupi chilichonse chimene chili m'nyumbayi chimamveka bwino munthu akadziwa chinthu chimodzi, chakuti dziko la South Africa lili pakati pa madzi a mitundu iwiri. Kumadzulo, m'nyanja ya Atlantic, kumayenda madzi ozizira a Benguela olowera kumpoto, pamene kum'mawa, m'nyanja ya Indian, kumatsika madzi ofunda a Agulhas ochokera chakumtunda kwa Mozambique. N'chifukwa chake nsomba za kum'mawa n'zamitundumitundu ndiponso zamawangamawanga, pamene zambiri za kumadzulo n'zotuwa kapena zonyezimira ngati siliva. Mitundu ya kumadzulo ndi yochepa, koma nsombazo zimachuluka kwambiri, pakuti mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikamakankha madzi apamwamba kuchoka kugombe, madzi apansi odzaza ndi chakudya amakwera. Alendo ambiri amathamangira nsomba zokongola zija kuti azijambule, ndipo sindiwaimba mlandu, komabe ine mtima wanga unatsalira ku madzi ozizira.

Kumeneko ndi kumene kuli nkhalango ya kelp, zomera zazitali zimene zimagwira miyala yapansi pa nyanja n'kukula molunjika kumwamba mpaka kupitirira mamita 10, nsonga yake yokhala ndi mpweya ikuyandama kuti masamba alandire dzuwa. Thanki ya kelp ya m'nyumbayi njotsegula pamwamba ndipo madzi ake amawagwedeza dala kuti aziyenda monga amachitira kugombe, motero nkhalango yonse imapendekera uku ndi uku pang'onopang'ono, nsomba zikulowa ndi kutuluka pakati pa mitengoyo. Ndinakhala pansi nthawi yaitali ndikuyang'ana, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti zinthu zofiirira zimene ndinkaziona zitaunjikana pamchenga ku Sea Point, gombe lina la mumzindawu, zomwe ndinkangoziyesa zinyalala za nyanja, ndi nyumba ya nkhanu, nkhono ndi nsomba zazing'ono zosawerengeka. Amene amangodutsa pamalowa mofulumira amataya gawo labwino koposa la ulendo wake.

Za ashaki sindinena zambiri, chifukwa aliyense amakawaona ndithu. Mtundu umene uli pamenepo ndi wa ragged-tooth, wa mano osongoka otulukira kunja, ndipo ngakhale maonekedwe ake ndi oopsa, umayenda mwaulemu zedi. Shaki ameneyu amakwera pamwamba kukameza mpweya n'kuusunga m'mimba, ndipo umenewo ndiwo umamuthandiza kuima m'madzi osamira. Palinso thanki ina yaikulu, ya malita 1.6 miliyoni, imene inatsegulidwa mu 2016, ndipo munthu amadutsa m'ngalande yagalasi nsomba zikumuyenda pamutu.

Pa mapengwini m'pamene chimwemwe changa chinasakanikirana ndi chisoni. Mbalame zimenezi, za mtundu wa African penguin, zimaswana m'magombe ndi m'zilumba za South Africa ndi Namibia basi, ndipo mu 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaziika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kale anthu ankatola mazira ake ndi kukokolola zitosi zimene mbalamezi zinkakumbamo zisa, kukagulitsa ngati feteleza. Mu 2000 sitima ya Treasure itamira pafupi ndi Cape Town, mafuta anapaka mapengwini pafupifupi 19,000. Lero vuto lalikulu ndi njala, popeza tinsomba ta sardine ndi anchovy, tofanana ndi usipa wathu, tachepa m'madera amene mbalamezi zimasakamo. Ana amaseka poona mmene zimayendera modzandira, ndipo nkoyenera kuti aseke, koma ndikanakonda kuti makolo aziwawerengeranso zimene zalembedwa pakhoma.

Ntchito imene inandichititsa kuona kuti ndalama ya pakhomo siinapite pachabe ndi ya akamba a m'nyanja. Akamba a loggerhead amaswa mazira m'magombe a kumpoto kwa chigawo cha KwaZulu-Natal, kum'mawa kwa dzikolo, ndipo tiana take tikalowa m'nyanja timatengedwa ndi madzi ofunda a Agulhas kutsikira kum'mwera. Tina timakankhidwa ndi mphepo kulowa m'madzi ozizira a ku Cape, kumene timafooka n'kukatayidwa pamchenga, makamaka kuyambira mwezi wa Malichi, ndipo tambiri timapezeka titameza tizidutswa ta pulasitiki. Anthu oyenda m'magombe monga a ku Struisbaai amatitola n'kutipereka kuti tikasamalidwe, kenako tikachira, patapita miyezi, timabwezedwa m'madzi ofunda.

Kamba wodziwika kwambiri amene anakhalapo pamalowa ndi Yoshi, yemwe anabwera mu 1997 ali wamng'ono atapulumutsidwa ndi asodzi a sitima ya ku Japan. Anakhala m'thanki zaka 20, ndipo asanamumasule mu Disembala 2017 anayamba amuphunzitsa kusambira mitunda yaitali, osambira awiri akumudyetsa mosinthanasinthana kumapeto awiri a thanki. Kachipangizo kamene anamumata pamsana kanaonetsa kuti anayamba walowera kumpoto mpaka ku Angola, kenako anabwerera n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian kukafika kugombe la kumadzulo kwa Australia, ulendo wa makilomita opitirira 35,000.