Mtima wa amayi wayambanso kulimba

Abale anga, nkhani ya amayi ija yafika pabwino. Atamaliza chemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa) ya khansa ya m'mawere ku Blantyre tinkati nkhondo yatha. Patapita miyezi anayamba kubanika akangoyenda pang'ono pobwera kumsika wa Chitakale, mapazi kutupa mpaka masilipasi osalowa, usiku kugona chokhala atatsamira mapilo.

Adokotala ataunika mtima ndi echo (sikani yoonetsa mmene mtima ukugwirira ntchito) anati minofu yake yafooka chifukwa cha doxorubicin, mankhwala ofiira a chemo a m'diripi aja. Anawapatsa carvedilol, wa m'gulu la ma beta blocker. Amachepetsa liwiro la kugunda kwa mtima n'kuutchinjiriza ku adrenaline (homoni ya m'thupi yothamangitsa mtima), kuti upeze mpata wobwezeretsa mphamvu. Anayamba ndi 3.125 mg kawiri pa tsiku, n'kumawakwezera pang'onopang'ono. Masiku oyamba chizungulire chinawavuta, anafuna kusiya, tinachita kuwanyengerera, chifukwa mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi. Pano akusesa okha pabwalo!

Amene muli ndi m'bale wolandira chemo, akayamba phuma musati n'kutopa chabe, kamuunikitseni mtima msanga. Ngati amadwala mphumu, auzeni adokotala asanamulembere carvedilol.