Mgolo wathu wowambira nyama ndi Wi-Fi yake

Geni yathu inayamba mu 2021 ndi mgolo umodzi wa malita 200 womwe ndinagula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Poyamba ndinkawotcha kanyenya ngati wina aliyense, moto uli lawilawi, kasitomala ataima pambali kudikira kuti ndimuwazire mchere ndi tsabola. Koma ku Area 25 kuno ukangoyenda pang'ono wapeza kale wina wa kanyenya, ndipo phindu lake linali longokwanira ndiwo za tsikulo. Ndiye ndinatembenukira ku nyama yowamba pang'onopang'ono mu utsi, ija anatchuka nayo anthu a ku Texas: nthiti ndi phewa la nkhumba, komanso brisket, nyama yolimba ya pachifuwa cha ng'ombe imene ambiri amangoiphika ndi madzi.

Nyama imeneyi sifuna phuma. Mumgolo muzitentha madigiri 110 mpaka 120 basi, kwa maola khumi kapena kuposa, mpaka m'kati mwa nyamamo mufike cha m'ma 93. Pamenepo mitsempha yonse imakhala itasungunuka, nyama n'kumangonyenyeka ndi zala. Ikafika cha m'ma 70 imaima kwa maola, osakweranso, chifukwa madzi otuluka pamwamba pake amaiziziritsa ngati thukuta. Munthu wosadziwa amawonjezera moto pamenepo n'kuwononga zonse. Ndipo moto wa mumgolo wotseka umalamulidwa ndi mpweya. Ukatsegula kabowo ka pansi makala amayaka, ukatseka amafooka.

Ndiye taganizani. Oda ya Loweruka masana imatanthauza kuyatsa Lachisanu usiku. Ndinkadzuka mphindi 40 zilizonse, tochi kukamwa, kukasuntha kachitsulo kotsekera bowo. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa Lilongwe kuja, ndinkabwerera m'bulangeti mapazi ali zii, thupi lonse likununkha utsi. Mayi akunyumba anapirira miyezi ingapo, kenako tsiku lina anangoti, "Inu bambo, tengani mphasa muzikagona komweko ndi mgolo wanuwo."

Amene anandipulumutsa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe amakonza mafoni m'tauni. Anandionetsa pa foni yake chipangizo chotchedwa HeaterMeter, chimene anapanga Bryan Mayland wa ku America n'kuika mapulani ake onse poyera kuti aliyense adzipangire. Zoyambirira zake zinkalumikizidwa ku rauta (kabokosi kogawa Wi-Fi) ya Linksys, zapambuyo pake ku kakompyuta ka Raspberry Pi. Ife thumba silinalole. Tinatengako nzeru yokha, n'kugula kabolodi ka ESP32, ka kampani ya Espressif ya ku Shanghai, kotalika ngati chala koma kali ndi Wi-Fi m'kati. Mnzathu woyenda ku Joni anatibweretsera zotsalazo: thermocouple ya mtundu wa K yoyezera kutentha kwa mumgolo pamodzi ndi kachipangizo kake ka MAX6675, timisomali tiwiri tobaya m'nyama toyezera kutentha kwa m'kati mwake, ndi kafani kouzira mpweya.

Ntchito yosunga moto inatheka msanga, sindichedwapo. Kabolodi kamayeza, n'kuuza fani kuti iuzire mwamphamvu kapena pang'ono. Sikayang'ana kokha kuti kutentha kwaperewera bwanji. Kamaonanso kuti kwakhala koperewera nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti kukusintha mwaliwiro lotani. Akatswiri amati PID. Patatha masabata awiri mgolo unkakhala pa 115 ngati wakhomeredwa.

Chimene chinatidyera miyezi ndi Wi-Fi. Ine cholinga changa chinali chimodzi, kuona kutentha ndili pabedi, foni n'kundidzutsa zikavuta.

Tsiku loyamba tinayatsa hotspot pa foni ya mphwanga, kabolodi osaiona n'komwe. Tinalemba pasiwedi kasanu, tinasintha dzina, ayi ndithu. Dzuwa likulowa m'pamene mphwanga anadzimenya pamphumi. Foni yake inkaulutsa pa mafunde a 5 GHz, pomwe ESP32 imamva 2.4 GHz yokha. Kungosintha pamenepo, zinagwirana nthawi yomweyo.

Chimwemwe sichinakhalitse. Wi-Fi itangolumikizika, timisomali ta m'nyama tija tinasiya kuwerenga. Tikazimitsa Wi-Fi tikugwira bwinobwino, tikayatsa tafa. Ine ndinayamba kale kunena kuti mnzathu wa ku Joni watigulira zachinyengo (ndinamupepesa pambuyo pake, ndi nthiti). Mphwanga anachezera usiku akuwerenga, m'mawa n'kubwera maso ali psuu.

"Amalume, vuto si timisomali. Kabolodi aka kali ndi zoyezera ziwiri m'kati, ADC1 ndi ADC2. Wi-Fi ikayaka imalanda ADC2. Ife tamangirira pa timiyendo ta nambala 25 ndi 26, ndipo onsewo ndi a ADC2."

"Ndiye tigulenso china?"

"Ayi, tingosamutsa mawaya awiri."

Anawotcherera pa 34 ndi 35, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku atatu a mutu woima, mankhwala ake mphindi zisanu.

Cholakwa chotsatira chinali changa ndekha. Poopa mvula ndi mafuta odontha, ndinaika zonse m'chitini chachitsulo cha mabisiketi, n'kuchipachika kuseri kwa mgolo. Chinkaoneka bwino kwambiri. Koma netiweki inangoti zii. Chitsulo sichilola mafunde a wailesi kudutsa, ndipo ine ndinali nditatsekera kamlongoti m'chitini, n'kuikanso mgolo wonse pakati pa iko ndi nyumba, kuwonjezera makoma awiri a njerwa. Mphwanga atafika anaseka mpaka kukhala pansi. Lero zonse zili m'kontena ya pulasitiki imene ana ankatengera chakudya kusukulu, yopachikidwa pamtengo mbali yoyang'ana kunyumba, patali ndi moto, ndipo rauta tinaisunthira pawindo la kukhitchini.

Panalinso kuzima kosadziwika bwino. Fani ikangoyamba mwamphamvu, kabolodi kankazima n'kuyambiranso. Titakalumikiza ku kompyuta kanalemba kuti "Brownout detector was triggered", kutanthauza kuti magetsi akuperewera. Wi-Fi potumiza uthenga imakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, fani nayo ikukoka, onse kudzera m'kachingwe kotchipa kochajira foni. Tinataya kachingweko, tinaika batire ya njinga yamoto ndi kotsitsira magetsi kufika pa mavoti 5, ndi kapasita (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) pafupi ndi bolodi. Za adiresi yosinthasintha sindinena zambiri. Rauta ikazima n'kuyakanso inkapatsa kabolodi nambala ina, ine n'kumatsegula tsamba lopanda kanthu. Tinauza rauta kuti nambala imodzi ikhale ya mgolo mpaka kalekale.

Pofika apa ndinkadziona ngati katswiri. Ndinkaonetsa makasitomala foni, mzere wa kutentha uli tambalale, iwo n'kumagwedeza mitu. Ndinayamba kulandira maoda akuluakulu, ndipo m'pamene ndinalandira ya chinkhoswe, makilo 14 a nkhumba ndi ng'ombe, theka la ndalama atapereka kale.

Usiku umenewo ndinathira makala cha m'ma 1 koloko. Ukatsegula chivundikiro kutentha kumatsika, choncho fani inayamba kuuzira ndi mphamvu zonse kuti ibwezeretse. Ndinaona kuti zili m'malo, ndinakagona. Posakhalitsa magetsi anazima. Kabolodi sikanazime, kanali pa batire. Inazima ndi rauta. Tsono mu pulogalamu ija munali mzere umene mphwanga anakopera ku zitsanzo zimene aliyense amayambira, wonena kuti netiweki ikasowa, dikira mpaka ibwere. Kabolodi kanamvera. Kanasiya kuyeza, kanasiya kulamula fani, kanangokhala kudikira rauta. Fani inatsala pomwe inasiyidwa, pa mphamvu zonse. Foni nayo sinalire, poti uthenga wochenjeza unkadutsa pa netiweki yomwe yazimayo.

Anandidzutsa ndi mayi akunyumba. "Bambo, fungo ili si la masiku onse." Ndinathamanga wopanda nsapato. Mgolo unali ukulira ngati ng'anjo, penti ya pansi ikusupuka, geji yakale ya pachivundikiro itapitirira 200. Nditatsegula, mafuta anagwira moto. Nthiti zinali makala okhaokha. Brisket kunja inali yakuda ngati tayala, m'kati youma gwaa. Ndinakhala pa njerwa manja ali lende mpaka tambala woyamba.

Kutacha ndinapita kwa eni chinkhoswe ndekha, osatuma foni. Ndinawauza zoona. Amalume ake a mkwatibwi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye anthu adya chiyani, achimwene?" Tinagula nkhuku ndi mbuzi ndi ndalama za mpamba, ine ndi mphwanga n'kuwotcha kanyenya pa waya kuyambira 8 koloko mpaka masana, ntchito yomwe ndinkati ndinaitsanzika. Ndinawabwezeranso gawo la ndalama zawo. Mwezi umenewo lendi tinachita kukongola.

Mphwanga ankafuna kusiya, manyazi. Ndinamuuza kuti iwe, amene anagona ndine, bwera tikonze. Tinagwirizana zinthu zingapo ndipo sitinazisinthenso. Kuyeza ndi kulamula fani kumachitika sekondi iliyonse, kaya netiweki ilipo kaya palibe. Kufunafuna Wi-Fi kumachitika chapambali, ndipo sikuloledwa kuimitsa china chilichonse. Kutentha kukapitirira 140, kapena thermocouple ikasiya kuwerenga, fani imazima kaye, mafunso pambuyo. Tinamangiranso kabelu kolira mokweza pa kontena pomwepo, kosadalira foni. Agalu a m'dera lathu amakadziwa.

Chinanso, rauta ikasowa kwa mphindi imodzi, kabolodi kamayatsa netiweki yakeyake. Ndimalumikiza foni ku dzina loti Mgolo, n'kutsegula 192.168.4.1, basi ndikuona zonse popanda rauta, popanda bandulo. Apa pali kamsampha kamene kanandizunguza usiku wina. Foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti, imakonda kuithawa mwakachetechete n'kubwerera ku data. Uyenera kuiuza kuti ikhalebe pomwepo, kapena kuzimitsa data kaye. Pasiwedi tinaika yaitali, ngakhale chitetezo cha Wi-Fi chotchedwa WPA2 chimalola ya zilembo 8, chifukwa patsamba lomwelo munthu atha kusintha kutentha, ndipo sindifuna mnyamata woyesa mwayi andiphikire nyama ali kuseri kwa mpanda.

Anthu ena amandifunsa chifukwa chake sindinalumikize kuti ndizionera ndili kutali, ku Mchesi kapena kumsika wa Tsoka. N'zotheka, mphwanga amandikakamiza mpaka lero. Ine ndimakana. Ngati moto wavuta ndili kutsidya la tauni, kudziwa kundithandiza chiyani? Kutalika kumene ndimafuna ndi kuchokera pamgolo kufika pa pilo.

Pano migolo ilipo iwiri, Mgolo1 ndi Mgolo2, ndipo tili ndi mtsikana wothandiza kulongedza ndi mnyamata wa njinga yamoto wokaperekera maoda. Lachisanu ndimayatsa 9 koloko usiku, ndimadzuka kamodzi kukathira makala, kenako mpaka mbandakucha. Sabata yatha magetsi atazima madzulo, kunabwera tianyamata tiwiri ta nyumba yoyandikana nayo, foni ya amayi awo ili m'manja. Anati taona netiweki yatsopano yodzadza bwino, tikupempha pasiwedi kuti tionere mpira. Ndinawalumikizira pa foni yanga n'kuwaonetsa. Anayang'anitsitsa, wamkuluyo n'kufunsa kuti 71 ameneyu ndi chigoli cha timu iti. Ndinamuuza kuti ndi phewa la nkhumba, laima pamenepo kuyambira 4 koloko, ndipo abwere mawa ndi mbale.