Alto clef siyoopsa, ingopezani C wapakati

Anthu ambiri owerenga manotsi amadziwa ma clef awiri basi, treble ndi bass, nde akangotsegula pepala la viola, chida chonga vayolini koma chokulirapo, nkuona kachizindikiro kooneka ngati B wamkulu wotsamira kamzere amangoti aaa izi nzovuta, nkutseka. Zimandiwawa ndithu chifukwa clef imeneyi ndiyosavuta kuimvetsa mwinanso kuposa ziwiri zinazo.

Clef iliyonse ntchito yake ndi imodzi, kukuuzani kuti mzere uwu pa mizere isanu ija ndi noti yakuti. Treble imazungulira mzere wachiwiri kuchokera pansi nkunena kuti apa ndi G. Bass timadontho take tiwiri timakhala uku ndi uku kwa mzere wachinayi, apo ndi F. C clef nayo, kachizindikiro kooneka ngati B kaja, imaloza C wapakati, yemwe uja ali pakatikati pa piyano. Yang'anitsitsani pomwe mauta ake awiri akumanirana, kansonga kaja, mzere umene wadutsa pamenepo ndiwo C. Kansongako kakakhala pa mzere wachitatu imeneyo ndi alto clef, ndipo mizere yake kuchokera pansi ndi F, A, C, E, G, mipata ndi G, B, D, F.

Funso limene anthu amandifunsa ndi loti chifukwa chiyani oimba viola osangogwiritsa ntchito treble ngati anzawo a vayolini? Nsambo za viola ndi C, G, D, A ndipo C ameneyo ndi octave yathunthu, manotsi asanu ndi atatu, pansi pa C wapakati. Mukamulemba mu treble muyenera kujambula timizere tinayi towonjezera kunsi kwake nkuika notiyo pansi pa kachinayiko, tangoganizani kuwerenga timizere timeneto nyimbo ikuthamanga, maso amatopa. Mukati chabwino tiyeni ku bass, nsambo ya A ija ikukakhala pamwamba pa timizere titatu towonjezera pomwe chala simunadinde nkomwe. Mu alto clef C wotsikitsitsa uja amangofuna kamzere kamodzi kokha, ndipo A amangokhala kunja pang'ono, pamwamba pa mzere wachisanu. Mawu a viola amakhala pakati, clef yake nayo inakhala pakati. Akakwera kwambiri nthawi yaitali ndi pomwe wolemba amasinthira ku treble.

Chimene chimandisangalatsa ndi choti chizindikirochi chimasuntha. Mukachikweza pa mzere wachinayi chasanduka tenor clef, imene oimba cello, bassoon ndi trombone amakumana nayo nyimbo ikakwera, double bass nayonso nthawi zina. Pa mzere woyamba ndi soprano, wachiwiri mezzo-soprano, wachisanu baritone, koma zitatu izi masiku ano mungazipeze m'mabuku akale kapena m'kalasi la ophunzira nyimbo mozama. Nthawi ya Bach ndi Mozart magawo a kwaya a soprano, alto ndi tenor ankalembedwa mu ma C clef amenewa, aliyense yakeyake, kuti mawu ake akwane m'mizere isanu osatulukira kunja. Lero a tenor amangopatsidwa treble yokhala ndi ka 8 kunsi, kutanthauza kuti aimbe motsitsa octave. Ndipo chizindikirocho chinayamba ngati chilembo C chenicheni cholembedwa pamanja, Guido wa ku Arezzo, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Italy, kale m'zaka za m'ma 1000 ankapaka mzere wa C utoto wachikasu, wa F wofiira, kuti woimba asasochere.

Pali njira yachidule imene ambiri amaphunzitsana, yoti werengani notiyo ngati ili mu treble kenako kwezani dzina lake kamodzi nkutsitsa octave, mwachitsanzo mzere wapakati mu treble ndi B nde mu alto ndi C. Imagwira, sindikukana, mukafuna kungodziwa noti imodzi. Koma ine sindiikonda kwa munthu amene akufuna kuimba, chifukwa noti iliyonse mutu ukugwira ntchito kawiri, ndipo tsiku limene mudzakumane ndi tenor clef lamulo limatembenuka, kumeneko mumatsitsa dzina osati kukweza, apa mpomwe anthu amasokonezeka zenizeni. Kuli bwino kugwira C wa pa mzere wapakati, kenako F wa mzere wapansi ndi G wa mzere wapamwamba, zina zonse muziyenda kuchokera pa atatu amenewa. Ngati muli ndi viola m'manja yambani ndi nsambo zosadinda, G ali mu mpata woyamba, D mu mpata wachitatu. Tengani kanyimbo kamene mumakadziwa kale pamtima, kalembeni nokha ndi pensulo mu alto clef, mukaimbe pang'onopang'ono mukutchula mayina a manotsi mokweza, mawa kena, osalemba zilembo pansi pa manotsi ayi chifukwa maso amathamangira zilembozo nkusiya mizere.